Mphindi Makumi Awiri za Asidi

9 Malichi

Mayi a mapasa,

Muli bwanji inu ndi ana? Ine ndadzuka bwino, kungoti mphuno zangazi zikanakhala ndi miyendo bwenzi zitathawira kwanuko kalekale. Ndalemba kalata chifukwa m'chipinda muno timagona anthu anayi, ndipo pa foni sungalankhule kanthu osamva wina akuseka kuseri kwa nsalu. Adalaivala a basi aja avomera kumanditengera makalatawa.

Nkhani ndi yakuti andichotsa konyamula makireti. Tsopano ndili m'gulu lotsuka makina, momwemo mu fakitale ya mkaka. Anzanga akuti ndakwezedwa. Mwina n'zoona, koma tsiku loyamba lomwe ndinasanza.

Inu mukaona mkaka wa m'paketi mumati ndi chinthu choyera. Mudzabwere mudzaone m'mimba mwa paipi. A Madala, bambo wachikulire amene akundiphunzitsa ntchitoyi, anamasula paipi ina pa kona n'kundiuza kuti ndipisemo dzanja. Ndinatulutsa zinthu zachikasu, zoterera ngati mamina, zonunkha ngati bala la mwezi wathunthu. Iwo anangoseka n'kunena kuti, "Zimenezo n'za dzulo lokha, mphwanga. Sunaone za Lolemba."

Zonyansazi sizichoka ndi sopo wamba. Pali mankhwala ena otchedwa enzayimu, koma kuno tonse timangoti chiswe. Timasungunula m'madzi ofunda n'kuwazunguliza m'mapaipi, m'mathanki ndi m'masefa kwa mphindi makumi anayi. Chiswecho chimadya mafuta ndi zotsalira zonse za mkaka mpaka chitsulo kuwala. A Madala akuti si kachilombo ayi, koma chimagwira ntchito ngati chamoyo, ndipo vuto lake sichidziwa kukhuta. Ukangotsukuluza ndi madzi okha, china chimatsalira m'makona ndi m'malabala a molumikizira mapaipi. Mkaka watsopano ukalowa, chimayamba kudya umenewo, ngakhale uli kale m'paketi yomata.

Ndiye chikamaliza ntchito yake timachipha. Timatsukuluza ndi madzi, kenako timathira asidi kuti azungulire mphindi makumi awiri zathunthu, kenako madzi kachiwiri. Pomaliza timaviika kapepala koyezera m'madzi otsirizawo, kakasonyeza mtundu woyenera ndiye timasaina fomu. Mayi a ku labu, chipinda choyezera mkaka, amatenganso madziwo pang'ono kukadontheza pa kambale kawo, kuti aone ngati chiswe chaferatu. Zonsezi timachita masana, makina akaima pakati pa mkaka wa m'mawa ndi wa madzulo.

Za kunyumba: chimbudzi chija musadikire kuti chigwe ndi munthu. Auzeni alamu anu akumbe china kumtunda kwa mtengo wa mapeyala, kutali ndi chitsime. Kangachepe ndatumiza pa foni kaja n'ka simenti, si ka alamu anuwo.

Tiyi masiku ano ndikumwa wopanda mkaka. Musandiseke.

Ndine wanu,
Bambo a mapasa


30 Malichi

Mayi a mapasa,

Moni nonse. Ndakondwa kumva kuti chifuwa cha wamkulu chatha. Wamng'onoyo muzimukakamiza kuvala nsapato, asamati zikumuthina pomwe akungofuna kuthamanga. Ine ndili bwino, kupatula manja. Golovesi inang'ambika ine osadziwa, chiswe chinalowa, ndipo khungu la zala zitatu lasendeka ngati mbatata yophika. Chimadya mkaka, chimadyanso munthu, kwa icho zonse ndi ndiwo. Ndikudzola mafuta, musade nkhawa.

Pamodzi ndi kalatayi adalaivala akupatsani katoni. Ndi mkaka wa kuntchito kwathu, mapaketi khumi ndi awiri, wokhalitsa uja wosafuna firiji. Atigawira aliyense chifukwa fakitale yapeza oda yaikulu ya masukulu. Ana amwe, adziwe kuti bambo awo sakungoyendayenda m'tauni.

Koma oda imeneyi yabwera ndi zake. Tili ndi kapitawo, dzina lomwe tinamupatsa ndi Changupamalo, chifukwa mawu ake ndi omwewo kuyambira m'mawa. Amavala chipewa choyera chomwe sichinadonthokerepo kanthu, ndipo amadya masikono ataimirira pamwamba pa ngalande yomwe ife tikukokolola. 

Lachiwiri lapitali magalimoto anali atandanda pageti. Titamaliza kutsukuluza chiswe, a Madala anapita ku diramu ya asidi. Changupamalo anawaimitsa.

"Lero madzi akwanira. Tsekani, tiyambe mkaka."

"Chiswe sichinafe, akapitawo," anatero a Madala.

"Mwachiona inu? Chili ndi miyendo? Mkakawu umadutsa pamoto, chilichonse chimapsa."

A Madala anati moto wake ndi wa kamphindi chabe, chiswe cha mtundu umenewu sichiferatu nawo. Iye anangoloza wotchi yake. Kapepala koyezera kanasonyeza bwinobwino, chifukwa iko kamangoona ngati asidi watsala m'madzi, ndipo asidi amene sanathiridwe angatsale bwanji? A Madala anakana kusaina, anati aiwala magalasi. Fomu inabwera kwa ine.

Zina ndidzakuuzani pamaso. Ndine watsopano pagululi, ndipo mukudziwa nokha mmene ndinavutikira kuti ndilowe pageti limeneli.

Nkhuku yakuda ija ngati yasiyadi kuikira, gulitsani. Musaisunge chifukwa cha chisoni.

Wanu,
Bambo a mapasa


27 Epulo

Mayi a mapasa,

Ndikhulupirira muli bwino monga mwanenera m'kalata yanu. Ine ndilipo. Zala zikupola pang'onopang'ono, ngakhale madzi ofunda akazikhudza zimandikumbutsa.

Ndaseka powerenga kuti katoni ija mwaikweza pamwamba pa kabati, ndipo ana akumaisuzumira ngati wailesi yatsopano. Mwati mwatsegulako mapaketi awiri okha, otsalawo mukusungira apongozi anga akadzabwera kudzaona ana mwezi wamawa. Mayi a mapasa, ine ndikuti musasunge. Imwani msanga, sabata ino. Apongozi tidzawagulira wina. Musandifunse chifukwa, ingochitani.

Kuno zinthu sizili bwino kwenikweni. Mayi a ku labu aja anapita kukachira, ali ndi mwana wamkazi, ndipo timbale tawo palibe akutigwira. Amene anawasiyira ntchitoyo amangoyeza mafuta a mkaka n'kumapita. Ndiye zomwe zinayamba ngati za tsiku limodzi zija tsopano ndi za masiku onse amene magalimoto achuluka.

A Madala anapirira masabata awiri, kenako anaphulika. Anauza Changupamalo pamaso pa gulu lonse kuti, "Zaka zanga zonse ndatsuka mapaipi awa, sindinamwetsepo ana a eni zinyalala. Ndiyambe lero chifukwa cha wotchi yanu?" M'mawa mwake anawapatsa tsache kuti azisesa panja. Bambo wa imvi, wodziwa valavu iliyonse yotsegulira mapaipi ndi kulira kwake, akutola zitsa za ndudu pamalo oimika magalimoto. Anzanga akuti Changupamalo ndi mlamu wake wa bwana wa magalasi, woyang'anira fakitale yonse. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Chomwe chandinyansa koposa ndi ichi. Asidi akapanda kugwiritsidwa ntchito, madiramu amakhala odzaza, ndipo a ku sitolo ya fakitale angadabwe. Ndiye Loweruka masana, ena ataweruka, Changupamalo anandiitana kuseri kwa nyumba ya mathanki. Anandigwiritsa diramu, iye n'kutsegula, asidi yense n'kukhuthukira mu ngalande ya simenti yopita kuthengo. Panatuluka thovu ndi utsi woswa mphuno, achule awiri anatembenuka pomwepo miyendo m'mwamba. Iye anapukuta manja pa ovololo yanga, osati yake, n'kunena kuti, "Waona? Asidi wagwira ntchito."

Nditafika kuchipinda ndinasamba kawiri, koma ndinkadzimvabe fungo. Sikuti linali la asidi.

Mafomu onse tsopano akusainidwa ndi dzanja limene likulemba kalata ino.

Alamu anu ngati afika pa mwala pokumba, asasiyire pomwepo n'kunena kuti dzenje lakwana. Ndimawadziwa. Muyeze nokha ndi nsungwi.

Wanu,
Bambo a mapasa


25 Meyi

Mayi a mapasa,

Moni, ndipo pepani ndalemba mothamanga, basi inyamuka posachedwa. Ndayesa foni yanu masiku atatu, sikulowa. Kapena mwaigwetseranso m'madzi?

Ngati mkaka uja ulipobe, musatsegule. Musapatse ana, musapatse apongozi, ngakhale galu. Kumbani dzenje kuseri, muboole mapaketiwo momwemo, mukwirire.

Magalimoto omwe ankatuluka atadzaza aja ayamba kubwerera atadzaza. Masukulu akubweza. Akuti ana akulavula, ena akusanza, mkaka ukuwawa ngati ndulu. Ndinatsegula paketi imodzi ndekha. Kunja yooneka bwinobwino, tsiku lake lisanakwane n'komwe. M'kati munatuluka madzi achikasu, pansi pake mibulu yoterera yomwe inatsika pang'onopang'ono n'kugwa pansi kuti phwa. Chiswe chakhala chikudya mwakachetechete masabata onsewa, m'mapaketi omata, m'makabati a anthu.

Changupamalo akuyenda ngati sakudziwa kanthu. Dzulo anandidutsa n'kunena chapansipansi kuti, "Pakamwa ndi pako, ntchito ndi yako." 

Ndili bwino m'thupi. Chakudya chokha ndiye sichikulowa.

Bambo a mapasa


8 Juni

Mayi a mapasa,

Kalata yanu ndailandira, ndipo ndaona kuti inasemphana ndi yanga panjira. Mwayamba popanda moni, ndiye ndadziwiratu. Ine ndikupatsanibe moni: muli bwanji, inu ndi ana?

Ndawerenga katatu. Ndaona m'maso mwanga apongozi atakhala pa mpando wabwino uja, alamu anu ndi akazi awo alipo, amayi a kwa aneba mwawaitananso, makapu a maluwa atatsika mu kabati. Inu n'kunena kuti, "Uwu ndi wa kuntchito kwa bambo a mapasa." Kenako lumo kudula paketi, kenako zija zikugwera mu kapu ya mayi anu. Mwati wamng'ono anali atamwa kale kukhitchini mobisa, ndipo anasanzira pa nsalu ya agogo ake. Mwatinso apongozi anangofunsa mofatsa kuti, "Kodi mkamwiniyu amagwira ku fakitale kapena kudzala?"

Sindikuwaimba mlandu. Funsolo ndi labwino, chifukwa sabata ino ndikugwiradi kudzala. Atipatsa mipeni anthu asanu ndi mmodzi, ntchito yathu ndi kung'amba mapaketi obwerera, imodziimodzi, n'kukhuthulira m'thanki ya zonyansa. Mulu wake ndi wotalika kuposa nyumba yathu. Dzuwa likawomba ena amafufuma n'kuphulika okha. Ntchentche zabwera ndi abale awo onse. Zinthuzo zimalowa m'majombo, zimauma m'tsitsi, ndipo mu minibasi anthu amandisiyira mpando wonse. Anzanga a m'chipinda anditulutsira ovololo panja ndi ndodo.

Mwandifunsa funso limodzi lokha: kodi munkadziwa? Mayi a mapasa, pamene ndinkatumiza katoni ija ndinkadzinamiza kuti tsiku limodzi silingaononge kanthu. Pamene ndinkati imwani msanga, ndinkadziwa. Ndinaopa kulemba poyera, ndinasankha kuti ana anga amwe msanga chinthu chimene ine mwini sindikanachiika pakamwa. Ana a kusukulu aja sindinawalembere n'komwe kalata. Palibe fungo la kudzala kuno limene likundinyansa kuposa zimenezi.

Mayi a ku labu abwerera asanamalize tchuthi chawo. Ndinawafunsa za wamng'ono. Akuti si poizoni, mkakawo wangogayika ngati wadutsa kale m'mimba, mwana akasanza ndi kumwa madzi ambiri zimatha. Koma mumuyang'anire, akatentha thupi mupite naye kuchipatala.

Anandionetsanso kambale kawo. M'kati muli zoyera zolimba ngati phala lozizira, zopangidwa ndi mkaka. Anadonthezapo madzi otsiriza a m'mapaipi athu, m'mawa mwake pamalo pa donthopo panali bwalo loonekera mpaka pansi, chiswe chitadya. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Bambo, mafomu akuti asidi ankazungulira tsiku lililonse. Ndiye ichi chadya mbale yanga n'chiyani?"

Lachinayi likudzali andiitana ku ofesi. Mafomu onse aja ali pa tebulo la bwana.

Kwa apongozi mundipepesere. Nsalu yawoyo ndidzawagulira ina.

Wanu, ngati mukundivomerabe,
Bambo a mapasa


22 Juni

Mayi a mapasa,

Zikomo chifukwa cha moni, ngakhale unali wa mzere umodzi. Ndakondwa kuti wamng'ono ali bwino ndipo wayambiranso kuba shuga. Ine ndilipo.

Mwalemba kuti, "Mukanene zoona, tikadya masamba tidya." Mawu amenewo ndinalowa nawo mu ofesi ali m'thumba la malaya.

Munali bwana wa magalasi, mayi a ku labu, mzimayi wina wochokera ku likulu la kampani, ndi Changupamalo atavula chipewa, nkhope yachisoni ngati ali pamaliro. Iye ndiye anayamba. Anati wakhumudwa kwambiri, ankandikhulupirira ngati mwana wake, sankadziwa kuti ndimasaina zinthu zimene sindinachite. Anatinso umboni ulipo, ku sitolo asidi ankatha mwezi uliwonse, ndiye ngati sankalowa m'mapaipi, mwina ndinkagulitsa. Anatulutsa kampango n'kupukuta m'maso mouma. 

Mzimayi wa ku likulu anandifunsa kuti, "Siginecha iyi ndi yanu?"

Ndinati, "Ndi yanga, mayi. Zonse makumi atatu ndi zinayi. Ndinasaina bodza, ndipo ndinkadziwa kuti ndi bodza."

"Asidi ankapita kuti?"

"Mukalola kuyenda pang'ono, ndikuonetsani."

Bwana wa magalasi anati palibe chifukwa chotuluka, koma mzimayiyo anali ataimirira kale. Tinazungulira kuseri kwa nyumba ya mathanki, iye ndi nsapato zake zazitali, akudumpha matope. Ngalande ija inandiyankhulira. Simenti yake yadyeka mpaka miyala kuonekera, yachita maenje ngati dzino lobooka, ndipo udzu wapsa mzere umodzi mpaka kumpanda. Ndinati diramu yodzaza munthu mmodzi sangaipendeketse, ndipo kiyi wa kumene amasungira madiramu sakhala ndi ine.

Changupamalo anati, "Ameneyu ndi wabodza, wavomera yekha."

Pamenepo a Madala anali chapafupi ndi tsache lawo, akusesa malo amene anali osesa kale. Anayandikira n'kunena kuti, "Pepani mabwana, ine ndi wosesa chabe. Koma wosesa amaona zambiri Loweruka masana." Anatchula masiku onse, limodzi ndi limodzi, ndi mtundu wa malaya amene kapitawo anavala. Mayi a ku labu anagwada n'kuviika kapepala m'madzi otsalira mu ngalandemo, kanafiira nthawi yomweyo.

Tinabwerera ku ofesi. Bwana wa magalasi ankangopukuta magalasi akewo.

Atiuza kuti tidikire. Sindikudziwa kuti zitha bwanji, koma tsiku limenelo ndinadya mbale yonse kwa nthawi yoyamba mwezi uno. Za sukulu ya ana musasinthe kanthu pakadali pano. Mbuzi musagulitse kaye.

Wanu,
Bambo a mapasa


20 Julayi

Mayi a mapasa,

Muli bwanji nonse? Kuno kwazizira, koma ndili bwino. Pepani ndakhala chete, ndimafuna ndilembe zinthu zitaoneka mutu wake.

Chigamulo chinatuluka. Ine anandipatsa kalata ya chenjezo lomaliza, ndipo ndinailandira ndi manja awiri chifukwa ndi yanga. A Madala abwerera ku mapaipi. Changupamalo sanachotsedwe. Amusamutsira ku nyumba yosungira katundu, chipewa chake chili choyera monga kale, ndipo akuti kumeneko kuli mpando wa mawilo. Mzimayi wa ku likulu anasiya lamulo lakuti mkaka usalowe m'makina mayi a ku labu asanasaine nawo. Atatero anakwera galimoto yake n'kumapita.

Tinatsuka fakitale yonse masiku atatu. Tinamasula labala lililonse, sefa iliyonse, asidi anazungulira kawiri. Kambale ka mayi a ku labu kanatuluka koyera kopanda bwalo, ndipo a Madala anakanyamula m'mwamba ngati mwana wobadwa kumene.

Zinayenda bwino masabata atatu. Lachisanu lapitali a Madala anapita kuchipatala ndi msana, mayi a ku labu anali atathamangira kunyumba kukayamwitsa, pa valavu ndinatsala ine. Makina anachedwa kuima chifukwa magetsi anathima m'mawa, magalimoto anayi ali pageti akuliza mahutala. Nditangotsegula asidi ndinamva fungo la perefyumu kumbuyo kwanga. Bwana wa magalasi, yemwe chigamulo chitatuluka anatilalikira za ukhondo pamsonkhano mpaka thovu kukamwa.

Anandigwira paphewa. "Achimwene, zatsala mphindi zingati?"

"Khumi ndi zisanu ndi zitatu, bwana."

"Asidi walowa kale, eti? Ndiye wagwira ntchito. Zisanu zikwana. Mayi aja akabwera ndiyankhula nawo ine."

Mayi a mapasa, ndinamuyang'ana munthu uja. Mulu wa mapaketi owola sunathe n'komwe kuseri, ntchentche zake zimafika mpaka pawindo la ofesi yake, ndipo iye akuti zisanu zikwana. Ndinamva ngati ndapisanso dzanja m'paipi ija ya tsiku loyamba.

Ndinati, "Bwana, chiswe sichidziwa kuti kunja kuli magalimoto."

"Ukudziwa kuti uli pa chenjezo lomaliza?"

"Ndikudziwa. Munandipatsa chenjezolo chifukwa chodumpha asidi."

Ndinatembenuza ndowa, ndinakhala pansi patsogolo pa valavu, manja ndinapinda.  Iye anaima pomwepo, sanandikankhe, sanachokenso. Anzanga onse anasiya zomwe ankachita. Mphindi khumi ndi zisanu ndi zitatu n'zazitali, mayi, munthu akamakupumira m'khosi. Wotchi ya pakhoma itakwana ndinaimirira, ndinatseka asidi, ndinatsegula madzi, ndinaviika kapepala, ndinasaina. Iye anangoti, "Chabwino," n'kutuluka.

"Chabwino" ameneyo sanandisangalatse. Kontirakiti yanga ikutha kumapeto kwa mwezi uno. Mbuzi ija mukapeza wogula wabwino, musamukanize.

Wanu,
Bambo a mapasa


3 Ogasiti

Mayi a mapasa,

Moni kwa inu ndi ana. Ine ndili bwino, ndipo nthawi ino ndikunena zoona.

Lolemba khadi langa linakana kutsegula geti. Mlonda anayesa kawiri, kenako anandipatsa envelopu osandiyang'ana kumaso. Alembamo kuti kontirakiti yatha ndipo akuthokoza chifukwa cha ntchito yanga yabwino. Za asidi mulibemo liwu ndi limodzi lomwe. Zanga zonse andipatsa, sanandibere.

Ndinaima kunja kwa mpanda kanthawi. Mphepo inkachokera kuseri kumene kuli thanki ya zonyansa, ndipo ndinadabwa kuti miyezi yonseyi ndinkadya chakudya changa cha masana pafungo limenelo.

A Madala anabwera kuchipinda dzulo masana ndi malalanje. Akuti nkhani ya ndowa inafika ku likulu, mayi a ku labu ndiwo analemba. Sizinandibwezere ntchito, koma amisiri abwera kudzamanga loko pa makina: asidi akayamba kuzungulira, valavu ya mkaka sitseguka mpaka mphindi makumi awiri zitakwana, ngakhale bwana atabwera ndi mlamu wake. Anyamata akuitchula lokoyo dzina langa. A Madala anaseka mpaka kugwira msana, amvekere, "Mphwanga, akuchotsa iwe n'kulemba ntchito chitsulo choti chizichita makani ako."

Andiuzanso za malo ena ochapa zovala za m'mahotela, akuti kumenekonso amagwiritsa ntchito chiswe ndipo amafuna munthu wodziwa kuchipha. Woyang'anira wake ndi mnzawo wakale, wati ndikayambe mwezi wamawa. Ndavomera, koma ndati ndiyambe ndakaona kwathu.

Ndikwera basi ya Lachisanu, ndifika Loweruka chakumasana. Ana musawauze tsiku, angajombe kusukulu. Apongozi ndidzapita ndekha kukawaona, nsalu ndagula, ndipo zoti ndiwauze ndazikonza, sindidzabisala kumbuyo kwanu.

Ku siteji mubwere nokha. Katundu ndilibe wambiri, tidzayenda wapansi. Msewu uja ndi wautali bwino, ndiye zonse zimene mwandisungira miyezi isanuyi mudzandikalipire panjira, tikamafika pakhomo mukhale mutamaliza.

Ndine wanu,
Bambo a mapasa